Chigoli cha ku Yaoundé: Zimene Kakanema Kamaonetsa ndi Zimene Kamabisa

Pali kakanema kena kamene kakhala kakuzungulira m'mafoni a ana athu kuchokera mu Januwale 2022, ndipo mpaka lero sikanakalambe. Kutalika kwake sikufika ngakhale mphindi imodzi. Mnyamata wovala malaya a Flames alandira mpira kutali ndi golo, aponya maso kutsogolo, kenako aumenya. Mpira ukwera m'mwamba, upindika, udutsa pamwamba pa goloboyi wa Morocco ndi kukagwedeza ukonde. Kakanemako kamathera pomwepo, kapena kamabwereza kuchokera poyamba, ena atakathira nyimbo. Ife amene timaphunzitsa madrasa kuno ku Karonga takaona kambirimbiri, pena pa foni imene talanda m'kalasi, pena pa foni yathu yomwe, pakuti sitibisa kuti nafenso usiku umenewo tinadumpha ndi chimwemwe.

Chinthu chimene mwana amachionera kakhumi pa tsiku chasanduka mphunzitsi wake, kaya makolo avomereza kaya ayi. Buku tisanalipereke kwa ophunzira timayamba taliwerenga ndi kulisanthula kuti tidziwe chimene likuphunzitsa. N'chifukwa chake tafuna kuti kakanema aka nakonso tikaike pa mphasa ndi kukafunsa mafunso: kakunena zoona zotani, ndipo kakusiya zotani?

Tiyambe ndi kukumbutsana nkhani yake. Linali Lachiwiri, pa 25 Januwale 2022, m'bwalo la Ahmadou Ahidjo mumzinda wa Yaoundé ku Cameroon. Malawi inali itafika mu ndime ya matimu 16 a mpikisano wa AFCON koyamba m'mbiri yake. Kuno kwathu namondwe Ana anali atangosakaza chigawo cha kum'mwera ndi kuononga malo opangira magetsi a Kapichira, moti madera ambiri anali mumdima, ndipo anthu anaunjikana pamene pali jenereta kapena wailesi ya mabatire. Masewera anayamba ife titaswali kale Isha. Pa mphindi ya 7, Gabadinho Mhango anamenya mpira kuchokera pa mtunda wa mamita oposa 30, ndipo Yassine Bounou, goloboyi amene pa nthawiyo ankagwirira timu ya Sevilla ku Spain, anangouperekeza ndi manja mpira uli kale kumbuyo kwake.

Kakanemaka kali ndi choonadi chake, ndipo tisakalande. Kamatiuza kuti mwayi suchedwa pakhomo. Goloboyi akasuntha pa mzere wake, mpata umakhalapo kwa kanthawi kochepa kwambiri, ndipo wosewera amene angayambe kufunsa mtima wake kawiri amapeza khomo latsekedwa. Kamatiuzanso kuti mwana wochokera m'dziko laling'ono sayenera kunjenjemera pamaso pa maina akuluakulu. Mtundu umene unazolowera kupita ku mipikisano kukangoperekeza anzawo unafunika kuona zimenezi ndi maso. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo Mhango usiku umenewo sanachite manyazi. Pa mfundo imeneyi tilibe chotsutsa.

Vuto lili pa zimene lumo la wodula kanema linataya. Tapeza zitatu.

Choyamba ndi zaka zimene zili kumbuyo kwa mphindi imeneyo. Mukakaonera kakanemaka modekha mudzaona kuti mwendo usanasunthe, maso ndiwo anayamba ntchito. Mhango anaona pamene goloboyi waima, anayeza mtunda, ndipo phazi linangotsatira chimene maso anali atagamula. Maso otero sabadwa tsiku limodzi. Munthuyu anachoka ku Big Bullets kupita ku South Africa mu 2013, anasewerera Bloemfontein Celtic, Golden Arrows ndi Bidvest Wits, ndipo mu nyengo ya 2019/20 ali ku Orlando Pirates anamwetsa zigoli 16 mu ligi, kufanana ndi Peter Shalulile pa mpando wa omwetsa zigoli zambiri. Masiku 11 asanakumane ndi Morocco, pa 14 Januwale, ndiye amene anamwetsa zigoli zonse ziwiri pamene Malawi inagonjetsa Zimbabwe 2-1, itayamba yagoletsedwa. Chimene owonera amachitcha kuganiza mwachangu chinali maganizo a zaka zambiri amene anali atapsa kale, akungodikira tsiku lophulidwa.

Ife a madrasa zimenezi timazidziwa kuchokera ku ntchito yathu. Hafiz akamatsogolera Tarawehe m'mwezi wa Ramadhan, lilime lake limayenda ngati madzi a mtsinje wa Rukuru nthawi ya dzinja, osaima kuganiza ndime yotsatira. Mlendo angaganize kuti ndi mphatso chabe. Amene tinamuona ali mwana tikudziwa mmawa wonse umene ankadzuka kusanache, kubwereza tsamba limodzi mpaka misozi, kulakwitsa, kukonzedwa, ndi kuyambanso. Liwiro lake ndi malipiro a kudekha kwake. Mwana amene angatengere liwirolo asanalipire mtengo wake amangomeza zilembo ndi kuononga tanthauzo.

Chachiwiri chimene kakanemaka kamabisa ndi mphindi 83 zotsatira. Malawi sinapambane masewera amenewo. Morocco itagoletsedwa sinabalalike. Inapitiriza kupatsirana mpira ndi kugogoda pakhomo, ndipo Charles Thom, goloboyi wathu, anagwira ntchito yaikulu yochotsa mipira imene ikanalowa. Chigawo choyamba chili pafupi kutha, Youssef En-Nesyri anabweza chigoli ndi mutu. Pa mphindi ya 70, Achraf Hakimi anaika mpira pansi, anabwerera m'mbuyo, anapuma, ndi kumenya filikiki imene inakalowa pakona ya golo. Masewera anatha 2-1. Tizindikire kuti Hakimi anali atamwetsanso chigoli cha filikiki m'masewera a m'gulu polimbana ndi Gabon mu mpikisano womwewo. Chinthu chikachitika kawiri sitichitchanso mwangozi. Ndi chizolowezi chimene munthu anadziphunzitsa anthu asakumuona. En-Nesyri naye anakulira m'sukulu ya mpira ya Mohammed VI kufupi ndi Rabat, kumene dziko lake linaikako chuma kwa zaka zambiri. Chaka chomwecho chisanathe, timu yomweyo inafika mu ndime ya matimu anayi a World Cup ku Qatar, kukhala yoyamba ya mu Africa kutero, ndipo Bounou yemwe uja amene timamuseka m'kakanema ndiye anagwira mapenate a Spain. Mphindi imodzi ya kulimba mtima inatipatsa chigoli chokongola. Kukonzekera kwa zaka kunapatsa anzathu masewera onse.

Chachitatu ndi mipira yonse imene inamenyedwa kuchokera kutali n'kukagwera m'chigulu cha owonera. Palibe amene amadula kanema wa mipira imeneyo ndi kuitumiza pa WhatsApp. Maso athu amangoonetsedwa mmodzi amene zinamuyendera, ndipo mtima umayamba kukhulupirira kuti aliyense wolimba mtima zimamuyendera. Pitani ku bwalo la Karonga tsiku limene Karonga United ikusewera, kapena ku bwalo lililonse la fumbi kuchokera ku Kaporo mpaka ku Chilumba. Mnyamata akangodutsa pakati pa bwalo, mumva mawu akuti amenye. Akamenya, mpira n'kupita kumitengo, mnzake amene anali yekha pafupi ndi golo amangokweza manja. Amene anakuwa aja amaiwala msanga, koma timu yataya mpata.

Zikanakhala kuti nkhaniyi imathera m'bwalo la mpira, sitikanadetsa nayo masamba a magazini ino. Chimene chatidetsa nkhawa n'chakuti phunziro lodulidwali latuluka m'bwalo n'kulowa m'moyo. Pakati pa anyamata athu pamveka kalankhulidwe kakuti woganiza kwambiri amaluza, kuti zinthu zimayendera olimba mtima. Mawu amenewa amanenedwa pa khomo la nyumba za njuga ya mpira, ndipo tsopano njugayo yalowa m'foni, moti munthu angathe kutaya ndalama ali chogona pa mphasa ya mayi ake. Tili ndi mnyamata amene tinamuphunzitsa ife eni kuyambira Alifu mpaka anamaliza Juzu Amma. Anapatsidwa ndalama za usipa wa bambo ake kuti akagule mafuta a injini, iye n'kuziika pa masewera a ku Ulaya amene sanawaonepo n'kamodzi komwe, akuti mtima unamuuza. Boti linagona pa gombe usiku umenewo, ndipo alovi asanu anabwerera kwawo chimanjamanja. Pamene tinakhala naye pansi, sanadzione ngati wochita njuga. Anadziona ngati munthu wolimba mtima amene tsikulo sizinamuyendere. Apa ndi pamene poopsa: njuga, imene Qur'an yolemekezeka inailetsa poyera mu Surat Al-Maida ndime ya 90, yavala malaya a khalidwe labwino.

Kusiyana kwa Mhango ndi mnyamata wathuyu n'koonekeratu. Mhango anaona chinthu chenicheni, goloboyi atachoka pamalo pake, ndipo anali ndi phazi lophunzitsidwa kugwiritsa ntchito chimene waona. Wa njuga saona kanthu ndipo alibe luso limene lingasinthe zotsatira. Onse awiri agamula mwachangu, onse awiri mtima uli m'malo, koma wina waima pa kudziwa, wina waima pa mphepo. Chimodzimodzi wa kabaza wa njinga yamoto amene amapitirira lole pa khona ya msewu wa M1 polowera ku Songwe, asakuona chimene chikubwera kutsogolo. Akafika bwino amadzitama kuti ndi dolo. Tsiku limene safika, ndife amene timaitanidwa kukasambitsa ndi kuswalira janaza.

Anthu a kunyanja simufunika kuuzidwa zambiri pa nkhaniyi, pakuti mumaiona usiku uliwonse. Siginala ali m'bwato lake ndi nyali, akaona mmene madzi akuchitira, amapereka chizindikiro nthawi yomweyo kuti chilimira chiponyedwe, ndipo akachedwa pang'ono usipa wabalalika. Palibe msonkhano umene umachitika pamenepo. Koma palibenso mwini boti wanzeru amene amapereka nyali kwa mnyamata amene wabwera dzulo chifukwa choti ndi wolimba mtima. Ndipo msodzi wakale yemweyo, amene amagamula m'kuphethira kwa diso pamene nsomba zili, ndiye amene amayang'ana kum'mwera m'miyezi ya Juni ndi Julayi, n'kunena kuti lero mwera ukubwera, boti lisatuluke. Anyamata a pa gombe la Ngara angamunene kuti wakalamba ndipo wayamba mantha. Koma kudziwa kumene kumamuuza kuti aponye tsopano ndi komweko kumene kumamuuza kuti lero akhale. Kulimba mtima kumene kumadziwa kunena inde kokha, kosadziwa kunena ayi, n'kumene kwasiya amasiye ambiri m'mphepete mwa nyanja yathu.

Mbiri ya Chisilamu ili ndi tsiku limodzi limene linasonkhanitsa mitundu yonse ya zigamulo zimene tikukambazi, ndilo tsiku la Uhud, m'chaka chachitatu cha Hijra, chimene ndi 625. Nkhondo isanayambe, Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anasonkhanitsa Maswahaba ndi kuwafunsa maganizo. Iye mwini ankaona kuti n'kwabwino kudikira adani mkati mwa Madina, koma ambiri, makamaka achinyamata, anafuna kutuluka. Anatsatira maganizo awo, analowa m'nyumba ndi kuvala zovala za nkhondo. Atatuluka, ena anamva chisoni kuti mwina amukakamiza, ndipo anapempha kuti abwerere ku maganizo ake oyamba. Iye anakana kuvula zimene anali atavala. Nthawi ya kufunsana inali itatha. Inali itakwana nthawi ya kuchita. Ndime ya 159 ya Surat Al-Imran, imene ili pakati pa ndime zokamba za Uhud, imaika zinthuzi mu ndondomeko yomweyi: kufunsana kumayamba, kutsimikiza mtima kumatsatira, ndipo kuyadzamira kwa Allah kumamanga zonse. Ana athu atenga chapakati chokha, n'kutaya choyamba ndi chomaliza.

Tsiku lomwelo, Mtumiki anaika oponya mivi 50 pa kaphiri, motsogozedwa ndi Abdullah bin Jubayr, ndi lamulo lakuti asachokepo kaya Asilamu akupambana kaya akugonja. Ataona adani akuthawa, ambiri a iwo anagamula mwachangu kuti nkhondo yatha ndipo anatsika, mtsogoleri wawo akuwaletsa. Anali ndi chikhulupiriro chonse kuti akuchita bwino. Kumbali inayo kunali Khalid bin Walid, amene pa nthawiyo anali asanalowe Chisilamu, akutsogolera apakavalo a Makka. Naye anagamula mwachangu: ataona kaphiri katsala ndi anthu ochepa, anazungulira ndi kumenya kuchokera kumbuyo. Asilamu pafupifupi 70 anaphedwa, pakati pawo Hamza, m'bale wa bambo ake a Mtumiki. Zigamulo ziwiri zachangu zinachitika pa kaphiri kamodzi. Oponya mivi anaona gawo la nkhani n'kuliyesa nkhani yonse, monga mmene amachitira woonera kakanema kathu pa mphindi ya 7. Khalid anali atayang'ana mpata umenewo kuyambira mmawa, akudikira kuti utseguke. Ndipo Khalid yemweyo, atalowa Chisilamu, pa nkhondo ya Mu'tah m'chaka cha 629, atsogoleri atatu ataphedwa motsatizana, anatenga mbendera n'kugamula kubweza gulu lankhondo mwanzeru kuti lipulumuke. Kumeneko kulimba mtima kunatanthauza kubwerera.

Tisamveke ngati tikunena kuti Chisilamu ndi chipembedzo cha kuzengereza. Pali zinthu zimene tinaphunzitsidwa kuzifulumizitsa: kufutulu dzuwa likangolowa, kuika maliro, kuswali nthawi ikakwana, kubweza ngongole, kulapa. Taonani chimene chikufanana pa zonsezi. Ndi zinthu zimene chigamulo chake chinadziwika kale, ndipo kuganiza kunachitika kale; chatsala ndi kudzuka basi. Koma pa zinthu zimene mapeto ake abisika, monga ukwati, malonda, ulendo wa ku Joni, kugulitsa munda wa mpunga ku Hara kapena ku Wovwe, tinapatsidwa Istikhara ndi kufunsa odziwa. Mtumiki anayamikira Ashajj, wa m'gulu la nthumwi za fuko la Abdul Qays, chifukwa cha kuleza mtima ndi kudekha kwake. Ndipo munthu amene anafunsa ngati amange ngamira yake kapena aisiye poyadzamira kwa Allah anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kumanga kukhale koyamba. Tawakkul ya munthu amene sanamange ngamira ndi ulesi wovala mkanjo.

Tsopano chala chimene takhala tikuloza ana chitembenukire kwa ife. Ngati anyamata athu akukatola phunziro la kulimba mtima m'makanema odulidwa ndi m'nyumba za njuga, n'kutheka kuti kunyumba ndi ku madrasa sitinawapatse. Tivomereze kuti ambiri a ife tinaphunzira ndi ndodo ndipo taphunzitsa ndi ndodo. Mwana akalakwitsa chilembo chimodzi timamukalipira pamaso pa anzake, ndipo mawa lake safunanso kukweza dzanja. Kunyumba, mnyamata amafika zaka 20 asanapatsidwepo mpata wogamula kanthu. Mtsikana ndiye amauzidwa kuti kukhala chete ndiwo ulemu wonse. Mwana wotere akakula amakhala mmodzi mwa awiri: kapena wamantha amene mwayi umamudutsa akuyang'ana, kapena wopupuluma amene tsiku loyamba kugwira ndalama amafuna kuonetsa dziko kuti naye ndi munthu. Onse awiri sanaphunzire kugamula, chifukwa kugamula kumaphunziridwa pogamula, pa zinthu zazing'ono, pali wamkulu pafupi wokonza mwachifundo. Mhango anaphonya mipira yosawerengeka pa bwalo la zokonzekera, ndipo panali aphunzitsi amene anamulola kuphonya. Kodi ife timalola ana athu kuphonya pamalo pamene kuphonya sikupha?

Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anapereka utsogoleri wa gulu lankhondo kwa Usama bin Zayd ali mnyamata wosafika zaka 20, m'gulu momwe munali akuluakulu a Maswahaba. Usama anakulira pafupi ndi Mtumiki, akuona ndi kumva, ndipo udindo unamupeza atakonzeka. Ifenso tingayambe ndi zochepa. Mwana apatsidwe ndalama za ndiwo kuti akagule yekha ndi kudzafotokoza chifukwa chimene wasankhira chimene wagula. Wophunzira wamkulu apatsidwe kalasi ya ang'onoang'ono kwa theka la ola. Bambo akamakana kutulutsa boti, asangoti ndakana. Amuonetse mwana mtambo ndi mafunde amene awerenga, kuti mawa mwanayo adzawerenge yekha. Safunsa anadya phula, koma mwana amafunsa kumene amayankhidwa.

Tikaweruza kakanema ka ku Yaoundé, tikuti ndi kokongola ndipo ndi koona, koma ndi ndime imodzi yochotsedwa m'sura yake, ndipo tonse tikudziwa ngozi ya kuwerenga ndime popanda zoyandikana nazo. Sitikupempha makolo kuti akafufute m'mafoni. Tikupempha kuti tsiku lina mukhale pansi ndi mwana wanu, mukaonere limodzi, ndipo mukaimitse pamene Mhango wakweza maso mpira usanachoke pa phazi. Mumufunse mwanayo chimene wosewerayo waona, ndi zaka zingati zimene zinamutengera kuti aziona chotero. Kenako mumuuze mmene masewerawo anathera, ndi chifukwa chake. Akadzafika pa mphambano ya moyo wake, ndalama za mafuta a injini zili m'thumba ndipo anzake akumukuwira kuti amenye, mwina adzakumbukira kuyamba wakweza maso.

Allah atipatse ana odekha pofunsa, olimba pochita, ndi odzichepetsa pa zotsatira. Iye ndiye Wodziwa koposa.